Funso Limene Rabecca Ankaliopa

Amalawi a ku Wolverhampton amati Rabecca Sambani alibe mantha. Wagwira unamwino m'mawodi a odwala matenda a maganizo kuyambira ku Zomba mpaka kuno. Watukwanidwapo, walavuliridwapo, wodwala wina anamukhuthulira tiyi pa yunifolomu, iye n'kungopukuta, n'kumufunsa ngati akufuna kapu ina. Koma mayi wolimba mtima yemweyu anagwa mayeso chifukwa cha funso limodzi lokha.

Anali pa maphunziro a digiri yachiwiri ku Birmingham, oti akamaliza adzakhale namwino wamkulu, woyeza wodwala payekha n'kumulembera mankhwala osadikira dokotala. Zolemba zonse anakhoza. Chinamugwetsa ndi mayeso oyeserera. Amakulowetsa m'chipinda, umapeza munthu wolembedwa ganyu kuti achite ngati akudwala, oyesa ali phee pakona. Lamulo lake n'lakuti wodwala akaoneka wotaya mtima, umufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Mawuwo uwatchule momwe alili.

Rabecca anapezamo bambo wachizungu wa imvi, msinkhu wa bambo ake omubereka. Anacheza naye mokoma, zonse zikuyenda bwino. Kenako inafika nthawi ya funsolo. Anayang'ana pansi n'kufunsa ngati bamboyo sakuganizako zochita zinthu zolakwika. Bamboyo anati ayi, sanabepo cha munthu. Mayeso anathera pomwepo.

Ann, mphunzitsi wake, sanamubisire. Anamuuza kuti watsala ndi mwayi umodzi, akalepheranso maphunziro atha, ndipo palibe angamulole kuona odwala payekha ngati funso limeneli likumukanika. Zaka zonsezi kuwodi ankalizemba, ankasiyira dokotala kapena mnzake. Tsopano panalibenso womusiyira.

Ann sakanamvetsa. Rabecca ali mwana ku Ntcheu, amalume ake anadzichotsera moyo kuseri kwa nyumba. Mtengo wa mango umene anawapezamo anaudula n'kuutentha, maliro anaika popanda nyimbo, ndipo mpaka lero pamtundu pawo amangoti "ngozi ija". Anakula akudziwa kuti chinthu chimenecho ukachitchula, wachiitana. Mabuku amati kufunsa sikumuika munthu maganizo oipa, kumamupatsa mpata woti apume. Mutu wake unkavomereza, koma lilime linkakana. Ndiye ufunse munthu wamkulu, ukumuyang'ana m'maso, ngati kwanu kunalibe okulangiza!

Anayesa zonse, mayi wa anthu. Ankanong'ona funsolo m'sitima popita kusukulu mpaka woyandikana naye anasamuka mpando. Ankalifunsa pagalasi la kubafa, mawu n'kuthera pakhosi. Anasala kudya, anapemphera, analira m'galimoto panja pa chipatala cha New Cross asanalowe ntchito. Ankaopa manyazi, chifukwa kutchalitchi anali atayamba kale kumutchula kuti adokotala. Koma koposa ankaopa kuti mwina oyesa aja ananena zoona, kuti iye si woyenera.

Ankathokoza Mulungu pa chinthu chimodzi, mwamuna wosavuta. Wallace kumudzi anali mphunzitsi wa sekondale. Kuno ankanyamula makatoni kunyumba yosungira katundu ku West Bromwich, mpaka ntchitoyo inatha. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhomo, kuphika, kuchapa, kuperekeza mwana wawo Zoe kusukulu, osadandaula. Gitala yake anakaipereka kukwaya. Rabecca anati wachita bwino, m'nyumba mukhale bata iye aziwerenga.

Lamlungu masana, mayeso ali mawa lake, Zoe ali kwa anzake, Rabecca anafika pothedwa nzeru. Anamupeza mwamuna wake kukhitchini akupukuta mbale.

"Bambo a Zoe, tandithandizani chonde. Khalani apa mukhale patient, ine ndipange practise. Mawa ndikafailanso, basi ndathera pompo."

"Nanga ndiziyankha chiyani?" anafunsa Wallace.

"Chilichonse. Ingopekani."

Wallace anakhala pansi, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Rabecca anayamba monga anaphunzirira. Anamufunsa za tulo.

"Tulo sindikupeza," anatero Wallace. "Ndimangotseka maso kuti ndisakusokonezeni."

Anamufunsa za chakudya.

"Ndimadya kuti Zoe asadabwe."

Anamufunsa chimene chimamusangalatsa masiku ano. Wallace anaganiza nthawi yaitali, kenako anati palibe.

Rabecca anaseka. "Koma inu ndiye actor weniweni! Mwamuposa mzungu uja."

Wallace sanaseke. Ankangopinda kansalu kaja, n'kukatambasulanso.

Linatsala funso lija. Rabecca anadziuza kuti akalephera pano, pa mwamuna wake, m'khitchini mwake, ndiye mawa asavutike n'kukwera sitima. Anadzutsa mutu n'kumuyang'ana m'maso. Anadabwa kuona kolala ya malaya ikulendewera m'khosi, masaya atalowa, ndipo sanakumbuke tsiku limene anamuyang'anitsitsa chonchi komaliza. Komabe anapitiriza, ndipo mawu anatuluka athunthu, m'Chichewa.

"Kodi mukuganiza zodzipha?"

Chimwemwe chinamudzadza. Wakwanitsa! Anatsala pang'ono kulumpha, kuomba m'manja, kuimbira Ann foni. Koma Wallace anali asanayankhe. Anaika kansalu kaja patebulo mosamala.

"Eya, mayi a Zoe," anatero motsitsa mawu. "Ndimangodikira kuti mumalize kaye exam yanu."

Apa m'pamene Rabecca anakumbukira. Gitala ija. Bata lija limene ankalithokozera Mulungu. Zonse zinali m'mabuku amene anawaloweza, ndipo ankaziwerenga mwamuna wakeyo akumubweretsera tiyi. Anafuna kukuwa, kumutseka pakamwa, kumuuza kuti zimenezo sitinena. Sanatero. Anakankhira mabuku kumbali, anasendeza mpando pafupi, nagwira manja onse awiri a mwamuna wake mwamphamvu.

"Wallace," anamutchula dzina, misozi ikutsika. "Ndiuzeni zonse. Zinayamba liti?"