Nkhwani wa ku Bez Valley

A Frazer Kachingwe sangakusiye utuluke pageti wekha. Ngakhale utangobwera kudzafunsa njira, amakuperekeza, ndipo m'manja mwako amaikamo kanthu. Khalidwe limeneli anachoka nalo ku Ntcheu, ndipo Joni, amene wasintha anthu ambiri, analephera kuwachotsera.

Ine ndinawadziwira kutchalitchi kwathu ku Yeoville. Nthawi imeneyo ankakhala ku Bez Valley, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachipwitikizi, amene ankamusamalirira maluwa ndi pabwalo. M'kachipindako anakhalamo ndi akazi awo, a Felesita, mpaka matenda a shuga anawatenga. Maliro anapita kumudzi, a Frazer n'kubwerera okha. Chimene a Felesita anasiya ndi maungu. Nthanga zake anabwera nazo kuchokera kwawo atazimanga pachitenje, n'kuzibzala m'mbali mwa mpanda. Chaka ndi chaka a Frazer ankasunga mbewu n'kubzalanso pomwepo.

Kenako mayi wachipwitikizi uja anamwaliranso. Ana ake, amene amakhala ku Australia, anaika nyumbayo pamalonda, n'kuuza a Frazer kuti azilondera mpaka wogula atapezeka. Choncho pogona pawo panadalira chinthu chimodzi chokha: kuti nyumbayo isagulidwe. Ndipo inakhaladi osagulidwa, mpaka chikwangwani cha pageti chinasuluka ndi dzuwa. M'mawa ankatsegula mawindo a zipinda zopanda anthu, kusesa, kuthirira, kwinaku akuyankhana ndi wailesi. Ankasungulumwa zedi, koma anali pakhomo.

Mu Epulo 2025 boma linasintha msonkho umene munthu amalipira akagula nyumba yakale kuti dzina la mwini lisinthidwe. Nyumba zina za mtengo wotsikirapo zinachotsedwa pamsonkhowo, ndipo iyi inagwera m'gulu lomwelo. Ndalama yake sinali yoti n'kusowetsa munthu tulo, koma anthu a mu Joni akamva kuti chinthu n'chaulere amathamanga osamanga nsapato. Ejenti wogulitsa nyumbayo anamata pepala lofiira pachikwangwani, lonena kuti wogula salipira msonkho, ndipo foni yake inayamba kulira.

A Frazer anakadandaula kwa mnzawo Sidi, telala wa ku Mangochi amene amasoka pafupi ndi msika wa ku Yeoville.

"Akulu, inu mwangoti phee? Pakadafunda padajiwitsa galu," anatero Sidi. "Ma buyer akabwera muziwauza kuti denga limadontha, matsotsi amadumpha fence daily. Finish."

"Koma denga silidontha."

"Ndiye lizidontha pakamwa panu. Mukufuna mukagone pansi pa bridge?"

A Frazer anavomera. Sabata yonse ankayeserera bodzalo akuthirira maluwa, mpaka linayamba kutuluka bwinobwino.

Lamulungu, tsiku loonetsa nyumba, kunabwera mayi wina wachitsikana dzina lake Cynthia, nesi wa ku Soweto, ali woyembekezera. Anabwera yekha pa minibasi. Ejenti ali kalikiliki pafoni, Cynthia anazungulira kuseri n'kupeza a Frazer pa maungu paja. Mapazi ake anali otupa. A Frazer asanaganize n'komwe, anali atamubweretsera kale mpando ndi kapu ya madzi.

"Ngiyabonga, baba," anathokoza Cynthia atamwa. "Inu mumakhala pano. Tell me the truth, nyumbayi ili bwanji?"

Bodza lija linali pamlomo penipeni. Koma a Frazer anayang'ana kapu ili m'manja mwa mlendoyo, ndipo zinawakanika. Munthu amene wamwa madzi ako ungamunamize bwanji?

"Nyumba ndi yabwino, mwana wanga," anatero. "Denga ndi strong. Dzuwa la m'mawa limalowa kukhitchini. Ma neighbour ndi anthu."

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, anathyola dzungu, anatchola nkhwani, n'kumufotokozera kasadzulidwe kake. Atatero anamunyamulira mpaka pokwerera minibasi. Cynthia atafuna kukana, iwo anati, "Ayi, tengani. Kwathu mlendo sachoka chimanjamanja."

Ine nditamva nkhaniyi ndinakwiya. Ndinawafunsa ngati anaonapo munthu akunolera mpeni wodzamuphera mbuzi yake yomwe. Iwo anangoseka pang'ono, n'kunena kuti mwanayo anali atatopa.

Cynthia anagula nyumbayo. Anauza ejenti kuti anaona nyumba zambiri, koma ndi iyi yokha imene anamulandira ngati munthu. Kachipinda ka kuseri ankakafuna kuti muzikhala mayi ake, odzamulerera khanda iye akapita kuntchito. Sanatume ejenti, anabwera yekha kudzawauza a Frazer kuti asamuke, misozi ili m'maso. Sindingamunene kuti ndi woipa, ngakhale ndinayesetsa kumupezera chifukwa.

A Frazer anasamuka mu Julaye, kukuzizira koopsa. Panopa amakhala ku Yeoville, pamwamba pa nyumba yosanjikizana, m'chipinda chogawa ndi katani. Mnzawo wa kuseri kwa kataniyo amagwira ntchito usiku, moti sakumana kwenikweni. Masiku ena amapeza ganyu yodula kapinga ku Sandton. Nthanga za a Felesita zili m'botolo pawindo, chifukwa kumeneko kulibe dothi.

Mu Disembala, mvula itagwa, anakwera minibasi ya ku Bez Valley. Akuti ankangofuna kudutsa. Atasuzumira pampanda anaona kuti maungu amera okha pamalo pomwe paja, ndipo ayanga mpaka pakhomo pa kachipinda kawo. Pawindo lake panali katani yachilendo, yamaluwamaluwa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka Cynthia anawaona.

Anawalandira ndi chimwemwe chenicheni. Anawakhazika pampando, anawapatsa madzi, anawaonetsa mwana. Mayi ake a Cynthia anatuluka m'kachipinda kaja n'kuwapatsa moni waulemu. Onse anali okoma mtima, koma a Frazer atafuna kupita kuchimbudzi anapezeka akupempha chilolezo.

Atatsanzika, Cynthia anawauza kuti adikire kaye. Anathamangira kumpanda, n'kubwera ndi jumbo yodzaza ndi nkhwani. Anali atatchola mosasankha, wanthete ndi wokhwima yemwe.

"Sindinaiwale, baba," anatero akumwetulira. "Munandiphunzitsa nokha. Mlendo sachoka chimanjamanja."

A Frazer analandira ndi manja awiri, monga mlendo amachitira. Cynthia anawaperekeza mpaka pageti, khanda lili kumsana. Atatuluka, anamva loko akutsekedwa cham'kati.