Mlamba Woviika Ngati Chinangwa

Apongozi anga amakhulupirira ndowa ya madzi kuposa mankhwala onse a ku kiliniki. Anabadwira mu komboni ya mgodi konkuno, koma mayi awo, amene anachokera ku Malawi, anawaphunzitsa kuviika chinangwa chowawa mpaka ululu wonse utatuluka. Iwo phunziro limenelo analitenga n'kuliika pa chinthu chilichonse. Nyemba zikafumbwa, kuviika. Nyama ikayamba kafungo, kuviika m'madzi a mchere. Pamene ndinakwatiwa n'kulowa m'nyumba mwawo ku Mandava, ndinapeza ndowa zili ndandanda pakhonde, iliyonse ndi chake m'kati. Sindinkatsutsa. Chinangwa chawo chinali chokoma, ndipo palibe amene anadwalapo nacho.

Mwamuna wanga ndi korokoza, amakumba golide m'maenje a kunja kwa tauni. Miyala amakaperetsa ku chigayo, kenako amasukuluza m'beseni ndi mekyule, timadzi tolemera tonyezimira ngati siliva timene timagwira golide. Ntchito imeneyi ndinkaidziwira pa zovala zake zamatope ndi pa kutopa kwake basi. Sindinaganizepo kuti ingadzafike mu mphika wanga.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, atafika poyamba phala, apongozi analengeza kuti nthawi ya mlamba yakwana. Ana awo onse anawalera choncho: mnofu wa mlamba wophika, wotsinatsina, wosakaniza m'phala, ndipo mayi woyamwitsa amwe msuzi wake kuti mkaka usaphwe. Loweruka lililonse kunkabwera bambo wina pa njinga ndi milamba m'thumba lonyowa, ina yaitali ngati mkono wanga, yochokera ku dziwe la kumunsi kwa chigayo chija.

Sabata lomwelo kunali sikelo. Anesi anatifunsa mmodzimmodzi zimene timathira m'phala. Wina anati chiponde, wina anati dzira. Ine ndinayankha monyadira kuti kwathu tiyamba mlamba Loweruka likubwerali.

"Wa kuti?" anafunsa anesiwo.

Nditatchula dziwelo anaika cholembera pansi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chishona, ngati akulankhula ndi mng'ono wawo. Mekyule wa makorokoza amatsika ndi madzi n'kukakhala m'matope. Tizilombo ta m'matopemo timamudya, tinsomba timadya tizilomboto, mlamba n'kumadya tinsombato chaka ndi chaka, ndipo zonse zimaunjikana mu mnofu wake. Nsomba ikakhala yaikulu ndi yokalamba m'pamenenso imakhala nazo zambiri. Sinunkha, siwawa, mwana satsekula nayo m'mimba. Chimene chimaonongeka ndi ubongo wa mwana umene ukukula kumene, ndipo zimadzaoneka mochedwa, poyenda, polankhula, pophunzira.

"Nanga tikaphika kwambiri?" ndinafunsa.

"Phikani, kazingani, wambani, sachoka. Nsomba musasiye ayi, koma muzimupatsa matemba ochokera kutali, kumene kulibe zigayo za golide. Inunso woyamwitsa, mlambawo muusiye."

Ndinabwerera kunyumba mwana ali kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma ndinamva bwino lomwe. Chovuta chinali kukana chakudya cha apongozi. Kwathu kuno mtengwa akakankha mbale ya apongozi ndiye kuti wanena kuti muli kanthu, ndipo mawu amenewo sabwezeka.

Ndinadikira amwe tiyi. Kenako ndinagwada pambali pawo n'kufotokoza zonse, osadumpha kanthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Basi?" anatero. "Ndiye tiviika."

"Amayi, akuti sachoka."

"Anesi akowo anaviikapo chinangwa? Chinangwa chimene chimagwetsa mbuzi ine ndimachisandutsa chakudya, ndiye kansomba kandikanike? Muroora, usandiphunzitse madzi."

Akanditchula m'Chishona choncho, kutanthauza mtengwa, m'malo mwa "mwana wanga", ndiye kuti nkhani yatsekedwa. Ndinapita kwa mwamuna wanga. Iye anangoti, "Zimenezo mumvane akazi nokhanokha," akumanga zingwe za nsapato ngati wachedwa.

Loweruka mlamba unagulidwa, unaviikidwa m'madzi a mchere, Lamulungu unaphikidwa. Ine ndinalawira. Ndinasinja matemba a ku msika mpaka kukhala ufa, ndinathira m'phala pamodzi ndi chiponde, n'kumudyetsa mwana mpaka kamimba kali ndi ndi ndi ngati ng'oma. Agogo ake atabwera ndi supuni yawo, mwana anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

"Mwana ameneyu watengera yani kunyada?" anadandaula.

Msuzi wanga ndinkati ndimwa ukazizira, ndipo unkazizira mpaka kuiwalika.

Zinayenda choncho kwa masabata angapo. Koma apongozi si munthu wopusitsika. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa nyumba ndili ndi kamtondo pakati pa miyendo, matemba ali pa lichero. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa.

"Ndiye ine ndine mfiti," anatero motsitsa. "Ndikufuna kupha mdzukulu wanga."

"Ayi amayi, sindinatero."

"Ana anga onse anadya mlamba. Amene unakwatiwa nayeyo ndi chitsiru?"

"Nthawi imeneyo chigayo chija kunalibe, amayi."

"Udzapita kumadzi tsiku lina. Ndidzamudyetsa ndekha, uone ngati adzafe."

Kuyambira pamenepo mwana sanachokenso kumsana kwanga. Ku mjigo ndinkapita naye, ndowa pamutu iye kumbuyo. Ku msika naye, kubafa naye. Amayi a pa mzere wathu wa nyumba ankaseka kuti ndamusoka ndi singano. M'nyumba tinkapatsana moni wa alendo. Ndinkawatenthetserabe madzi osamba, ndinkagwadabe powapatsa tiyi. Sindinkadziwa kuti zidzatha bwanji, koma ndinkadziwa kuti supuni ija siidzalowa m'kamwa mwa mwana wanga.

Chimene chinandithandiza ndi ovolosi ya mwamuna wanga. Apongozi, pofuna kundionetsa kuti mwana wawo angathe kumusamala okha, anaitenga kukachapa. M'thumba munali kabotolo ka mekyule kosatsekeka bwino. Iwo anali ndi chibangili cha mkuwa chimene mayi awo anabwera nacho kuchokera ku Malawi, sankachivula ngakhale pogona. Atatulutsa mkono m'madzi a sopo, chibangili chinali chitayera mbali zonse, mbuu ngati lata.

"Mayo ine! Chibangili cha amayi anga!"

Ndinathamanga kukasiya mwana kwa aneba, ndinawavula chibangilicho ndi kansalu, n'kuwasambitsa manja. Atapuma pang'ono anachita chimene amadziwa. Anatenga ndowa.

Anachiviika m'madzi a mchere. Chinatuluka chidakali mbuu. Anachiviika m'madzi a phulusa, m'madzi a mandimu, anasintha madzi m'mawa ndi madzulo monga amachitira ndi chinangwa. Ine ndinkangopempha kuti ndowayo izikhala kuseri, kutali ndi ziwiya. Ndinkawatungira madzi osanena kanthu. Mawu anali pakamwa penipeni, koma ndinadziwa kuti ndikawatulutsa msanga adzasanduka mkangano wina.

Loweruka linafika. Mwamuna wanga anali pakhomo akukonza nsapato ya kuntchito. Belu la njinga linalira pa geti.

"Gogo, lero ndakubweretserani bwana wa dziwe!" anafuula bambo wa nsomba, akukweza mlamba wa mutu ngati khasu.

Apongozi anauyang'ana, anautsina pamimba, nkhope n'kuyamba kumasuka. Pamenepo ndinafunsa, ndi mawu a tsiku lililonse:

"Amayi, nditunge madzi m'ndowa ina, kapena tiviike muli chibangili muja?"

Apongozi anayang'ana mkono wawo wopanda kanthu. Anayang'ana nsomba. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, bwera kuno. Zimene zaononga chibangili changazi, mukasukuluza golide wanu, madzi ake mumataya kuti?"

"Amangopita, amayi."

"Amapita kuti? Kumwamba?"

"Mu ngalande."

"Ngalandeyo imathera kuti?"

Mwamuna wanga anakanda kumutu. "Ku dziwe."

"Dziwe liti?"

Anangoloza mlamba uja ndi chibwano.

Apongozi anapukuta zala pa chitenje pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Mkuwa, chinthu cholimba, ndaviika sabata yonse mekyule osachoka," anatero. "Ndiye mnofu? Bambo, bwezerani m'thumba nsomba yanu."

"Aaa, gogo! Kuyambira liti munthu wa ku Malawi kukana nsomba? Makolo anu amva manyazi kumanda."

"Makolo anga ankadya nsomba, sankadya mekyule. Mukapeza dziwe lopanda makorokoza mudzalize belu lanulo, ndidzatuluka ndikuthamanga."

Bamboyo anachoka akupukusa mutu. Ine ndinalowa m'nyumba msanga kuti asaone mano anga. Ndinamumasula mwana kumsana, koyamba m'nyumbamo m'masabata onsewo, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumuika pamphasa. Msana wanga unapepuka ngati ndatula thumba la simenti. Ndinavina ndekha pakati pa chipinda, popanda nyimbo, mwana akundiseka.

Panja apongozi anali asanamalize. Ndinamva akumuuza mwana wawo kuti kabotolo kaja kasadzalowenso pa geti, ndipo ovolosi azikavulira kumene amakumbako. Atatha anandiitana.

"Mwana wanga, matemba aja alipo?"

"Alipo, amayi."

"Bwera nawo. Iwe susinja bwino, umasiya timitu."

Sizinali zoona, koma ndinawapatsa mtondo. Tsiku limenelo anamudyetsa okha mdzukulu wawo, ine ndili pa mjigo, manja ali lendelende.

Lachinayi lotsatira, ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi, anaimirira atanyamula chibangili chija m'botolo lalikulu lotseka. Anafotokoza za matope, za tinsomba, za ubongo wa mwana, ndendende mmene ndinawauzira tsiku lija ndili chigwadire.

"Zinthu zina siziviikika, amayi anzanga," anatero. "Ine ndazifufuza ndekha. Ana a masiku anowa sangadziwe."

Amayi ena anandiyang'ana. Ine ndinawomba m'manja kuposa onse. Ena anamva, ena anati njala ndi imene imapha msanga, ndipo mlamba wa ku dziwe lija umagulidwabe m'mizere ina. Koma pa mzere wathu, nyumba zonse za ana aang'ono zinasiya.

Mwana wanga tsopano ali ku kireshi, sukulu ya mkaka. Amathamanga ngati mbuzi, amalankhula Chishona panja, Chichewa kwa agogo ake, ndipo amafunsa mafunso mpaka mutu kuwawa. Mlamba wa ku dziwe lija sanaulawepo ngakhale katsinidwe kamodzi. Dzana anawapeza agogo ake akuviika chinangwa pakhonde, n'kufunsa chifukwa chake.

"Kuti ululu uchoke," anayankha.

"Chilichonse mukaviika chimachoka?"

Apongozi anandiyang'ana cha m'mbali, ine ndikuyanika zovala.

"Kafunse amako," anatero.