Sipika Yachitatu ndi Naini Wozondoka

Boma litatisamutsa ku Zomba kupita ku Lilongwe, katundu wanga anakwana m'mabokosi asanu ndi awiri. Anafika asanu ndi limodzi.

Nyumba anandipatsa ku Area 9. Ku Zomba malo tinkawadziwa ndi mayina, kuno tinapeza manambala, choncho pa bokosi lililonse ndinalemba 9 ndi choko. Bokosi limodzi analikweza pa lole chozondotsa. Otsitsa katundu anawerenga 6.

M'bokosimo munali makapu, ayironi, ndi kabokosi kachitsulo kakukula ngati njerwa. Ndinakagula pamodzi ndi makina a tepi kwa mphunzitsi wachizungu amene ankabwerera kwawo. Makinawo anali ndi masipika atatu: yakumanzere, yakumanja, ndi yachitatu yoika kumbuyo kwa womvera. Kabokosiko, dzina lake dekoda, ndi kamene kankasefa mawu opita ku yachitatuyo.

Tepi yofunika ndinali nayo imodzi. Mzunguyo anajambula kwaya ya kutchalitchi kwathu mkazi wanga ali moyo. Mkazi wangayo ankaima mzere wakumbuyo, kumapeto, ndipo pa masipika awiri mawu ake ankamira m'mawu a anzake. Pa yachitatu ankamveka bwino, pa ndime yachiwiri ya nyimbo yomaliza, pomwe analowa msanga monga mwa chizolowezi chake. Anamwalira kutatsala miyezi inayi kuti tisamuke.

Ku Area 6 ndinagogoda pa zitseko masabata atatu, Loweruka lokhalokha. Bokosilo ndinalipeza kuseri kwa nyumba ya kalaliki wina wakumpoto, nkhuku ikufungatiramo mazira.

"Pepani bambo, ife timayesa ndi mphatso ya boma," anatero mkazi wake akuseka. Makapu anandibwezera onse.

"Nanga kachitsulo ka mawaya?"

"Kaja? Sikankalira. Abambo anakapereka kwa wogula zitsulo zakutha."

Ndinapita kumsika, pa mabenchi a okonza mawailesi. Aliyense ndikamuuza kuti ndikufuna dekoda ankanditulutsira rekoda.

"Achimwene, lilime lakupindikani," anatero mmodzi. "Amati rekoda."

Ku Area 2, mmwenye wa sitolo ya zamagetsi ndi amene anamva zomwe ndinkanena. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bwana, anthu kuno akufuna wailesi ya mabatire awiri. Inu muli ndi makutu atatu?"

Analembabe kalata kunja, kwa opanga makinawo. Yankho linatenga miyezi isanu, ndipo linali lalifupi: anasiya kupanga.

Nthawi yonseyi, ndikaweruka ku City Centre, kumene maofesi anali akununkhabe simenti, ndinkafikira pa makinawo nsapato zili kuphazi. Ndinkakweza mawu, khutu pa sipika yakumanzere, n'kumvera ndime yachiwiriyo. Ikatha ndinkabweza. Tsiku lina kakhumi, lina kuposa apo. Nthawi zina ndinkaganiza kuti ndamumva. Ndinachita zimenezi chaka chathunthu.

Kenako mmwenye uja anandionetsa mdala wina amene ankamukonzera mawailesi kuseri kwa sitolo. Mdalayo anamvetsera nkhani yanga akukanda mutu ndi sikuludiraiva.

"Chaka chonse mukuvutikira zimenezi? Pakufunika waya awiri basi."

Anabwera kunyumba Lamlungu masana. Analumikiza sipika yachitatu pa timisomali tiwiri tofiira kumbuyo kwa makina, ndipo ntchitoyo sinathe mphindi khumi. Titayatsa, kumbuyo kwanga kunamveka mabenchi a tchalitchi cha ku Zomba akukwekweta, abusa akutsokomola. Ndinakhala pansi. Nyimbo yomaliza inayamba. Ndime yoyamba inatha.

Pa ndime yachiwiri panangomveka waaa, ngati mvula pa malata.

Mdalayo anaimitsa makina, n'kukweza tepiyo pa windo. Fumbi labulauni losunga mawu linali litaperepeseka, kuwala kukudutsa.

"Ndi pano pokha, bambo. Kwinaku kuli bwinobwino. Mumaikhulatu pamodzimodzi?"

Atapita ndinatenga rula n'kuyeza poperepesekapo. Mafiti naini.

Ndime yachitatu imamveka bwino pa masipika onse atatu, mpaka pa Amen. Pamenepo onse analowa pamodzi.