Achule a Dambo la ku Chelstone

Titangobwerera ku ulamuliro wa zipani zambiri, dambo la kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone analidula mapuloti. Linali la bango ndi mikuyu yowirira, ndipo pamasamba pankamata tiachule tamawanga ofiira, tochepa ngati chikhadabo. Sindinationepo kwina kulikonse.

Katapila anabwera mvula itangoyamba, nazula mikuyu, nakwirira madzi ndi dothi. Achule onse, aakulu ndi aang'ono, anathawira m'nyumba zathu. Ndinkawapeza mu nsapato, pansi pa mbaula, ngakhale m'beseni losambitsira khanda langa. Ambiri ankangouma pakhoma n'kugwa.

Aneba anga, mayi a Chibemba ochokera ku Luapula, anandichenjeza: "Ba neba, muzitseka chitseko. Kumene kwayenda chule, njoka ilondola."

Tsiku lina masana ndinagoneka mwana pamatilesi pansi, n'kutuluka kukayanika matewera. Pobwerera ndinaima pakhomo la kuchipinda. Pakati pa ine ndi mwana panali njoka yakuda, miyendo ya chule ikuphiriphitha kukamwa kwake. Mwana anayamba kutakataka, ine n'kumapempha Mulungu chamumtima kuti asalire.

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka kumpanda. Ndinakodola aneba n'kuwalozera kuchipinda. Aneba anatola khasu.

"Imwe zungulukani, mungene pawindo," anatero monong'ona. "Ine niziitangwanitsa pakhomo."

Ndikukwera pazenera, njoka inali itameza kale chule uja. Inadzutsa mutu, n'kufutukula khosi molunjika aneba amene ankagogoda khasu pasimenti. Ndinatsomphola mwana n'kutulukira pomwe ndinalowera, galasi likundicheka mkono osamva kanthu. Kenako ndinamva aneba akukuwa.

"Menso! Yanithira mu menso!"

Amisiri omanga pamapuloti aja anathamanga ndi mafosholo, naipha. Ine ndinagoneka aneba pansi pa mpopi, madzi akutsuka ululu wa njoka m'maso mwawo, iwo akubuula, mwana akulira kumsana kwanga. M'minibasi yopita kuchipatala anandigwira dzanja njira yonse, maso atatupa ngati mabanzi.

"Kamwana kali bwino?" ankangofunsa zomwezo.

Diso lakumanja linachira. Lakumanzere linatsala ndi nkhungu, moti poloweza ulusi pasingano ankaitana ine. Mvula yonse ya chaka chimenecho mwana sindinamutsitse kumsana, ngakhale posamba.