Tsiku Limene Zakariya Anasenza Paipi ya Mphepo

Zakariya wa ku Nkholongue anali mmisiri wa zitini. Malata atasowa m'zaka za nkhondo, ankadula zitini za mafuta a chithandizo n'kupanga nyale, ndowa ndi zomwera. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukana.

Chilimwe china ku Metangula kunabwera kalaliki wa boma, a Constantino, ochokera kummwera. Kutentha kunawasautsa moti mapepala ankawamatirira m'mikono. Atapeza chimkupizo cha injini chochokera m'boti yakufa, anachiika kuseri kwa ofesi n'kuitanitsa Zakariya.

"Kamarada, ndipangireni paipi yotenga mphepo kuchokera apa mpaka padesiki panga."

Zakariya analumikiza zitini mpaka paipi inatalika ngati nsato, n'kuilowetsa pawindo. Ankadziwa kuti paipi yotere imafuna kumangiriridwa pafupi ndi kukamwa kwa makina, poti mpomwe pamanjenjemera, ndipo kulemera kukatsamira pamenepo polumikizira pamang'ambika. Waya anali naye. Koma m'mawa wa tsiku loyesa makina anapeza mkazi wake Lidiya atayanikapo kampango.

"Amake Rebeka, wayayu ndi wa ntchito ya boma."

"Ndiye bomalo libwere lidzanunkhize nsomba zowola," anatero Lidiya osatembenuka n'komwe.

Zakariya anapita chimanjamanja. Muofesi munali mutadzaza kale alendo, aphunzitsi ndi asilikali a panyanja. Iye anavula malaya, kupinda nkhata, n'kulowa pansi pa paipi kuisenza pamutu.

A Constantino anasuzumira pawindo. "Mukutani pamenepo?"

"Ndikumvetsera mphepo, shefi."

Injini italira, mano a Zakariya anayamba kuombana, maso akuona mitengo iwiriiwiri. M'katimo mphepo inafika, alendo anaomba m'manja, ndipo a Constantino anayamba kulankhula za chitukuko, nkhani yopanda malire. Apa mpamene Zakariya anazindikira kuti waima panjira ya linthumbu.

Nyererezo zinamukwera m'miyendo. Mutu sakanausuntha, choncho anayamba kuponda ndi kupotokola chiuno, khosi lili chilili. Amayi ochokera kotunga madzi anatula ndowa n'kuyamba kuimbira m'manja. "Mganda watsopano uwu!" anafuula wina, mnzake akululutira. Zakariya anafuna kupempha thandizo, koma mawu ankatuluka odukaduka ngati nyimbo, amayiwo n'kumavomereza.

Kenako nyerere imodzi inafika pamalo osatchulika. Zakariya analumpha. Paipi inathothoka pamakina n'kugwa, mbali ya m'kati n'kutukuka, kumenya siling'i. Ndowe za mileme za zaka zambiri zinakhuthukira alendo onse.

A Constantino anatuluka ali bii, atakonzeka kukalipa. Anapeza mmisiri wawo ali m'nyanja, madzi mpaka m'chiuno, buluku lili pamchenga, amayi akugubuduka ndi phwete. Anatsegula pakamwa, koma chomwe chinatuluka ndi chiseko.

M'mawa mwake Zakariya anadula mphanda ziwiri za mtengo wouma, kuzizika pafupi ndi makina, kugonekapo paipi, n'kukulunga polumikizira ndi mphira wa chubu cha njinga. Inagwira ntchito bwino kwambiri mpaka mafuta a injini anatha mwezi womwewo, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira.

Kuyambira pamenepo anthu ankamuitanira kumaukwati, mpaka ku Meluluca, kuti akavine gule wake uja. Poti sankadziwa kukana, ankapita, koma ankangoima pakati pa bwalo akuyang'ana pansi mwamantha, kuopa linthumbu.