Nyenyezi za Agalasi

Kuofesi ankamutcha Agalasi, chifukwa magalasi ake anali okhuthala ngati pansi pa botolo. Iye ankaseka nawo. Chomwe anzakewo sankadziwa n'chakuti maso ake anali akutha, ndipo dokotala anali atanena kale kuti palibe chochita.

Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a kompyuta m'kachipinda ka pamwamba, komwe fani inkangozunguza mpweya wotentha. Zilembo zitayamba kumuonekera ngati nyerere zonyowa, anapeza nzeru. Zonse zomwe ankachita kawirikawiri anazisunga m'timalamulo tachidule, tija amati makiro, ndipo kalikonse anakapatsa chizindikiro m'malo mwa dzina: nyenyezi, mtima, ambulera. Zimenezi ankazionabe. Akadina nyenyezi, pulogalamu inkadziyesa yokha. Akadina ambulera, inkatumizidwa kwa kasitomala. Anzake ankati ndi chibwana cha munthu wamkulu.

Mkazi wake yekha ndiye ankadziwa. M'mawa uliwonse ankamuchotsa ulusi pamalaya n'kumuuza kuti, "Bambo a ana, musapupulume pamasitepe paja."

Tsiku lina chida chomwe ankalembera mapulogalamu chinasinthidwa pamakompyuta onse. Koma abale, okonza zinthu ena! Chilembo wamba chimatenga malo amodzi m'kompyuta, pomwe nyenyezi imatenga atatu. Chida chatsopanocho chinkawerenga malo amodzi amodzi, n'kumaduladula zizindikirozo. Agalasi atatsegula, m'malo mwa zizindikiro zake anapeza timabokosi tokhatokha, tofanana ngati mazira.

Anayesa kukumbukira kuti nyenyezi inali pamzere uti, n'kudina. Inali ambulera. Pulogalamu yosamaliza inapita kwa kasitomala, ndipo pasanapite nthawi foni ya bwana inayamba kulira.

Bwana sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Vutoli eni chida akulidziwa, akuti adzakonza mtsogolo," anatero bwana. "Ingotsegulani kalamulo kalikonse, muwerenge zam'katimo, mukapatse dzina la zilembo. Tiyeni tiyambe limodzi."

Agalasi anayandikiza nkhope pasikirini mpaka kumva kutentha kwake.

"Mzere woyamba ukuti chiyani?" anafunsa bwana.

"Kuwalaku, bwana."

Bwana anatseka katani. Kenako anakulitsa zilembo, anakulitsanso, mpaka liwu limodzi linadzaza sikirini yonse. Agalasi ankangoona utsi wakuda. Anachita manyazi, ndipo mantha anamugwira poganiza za ana ake.

"Pitani mukapume kaye, achimwene," anatero bwana motsitsa mawu. "Tikuimbirani."

Agalasi anatenga chikwama chake n'kutuluka. Pamasitepe anakumana ndi mlonda wa pageti, munthu yemwe zaka zonsezi ankangomupatsa moni ali chikhalire. Lero anali atakwera mpaka pamwamba, akupuma wefuwefu.

"Bwana andiimbira kuti ndikutsitseni," anatero mlondayo, n'kumugwira pachigongono.