Wonga wa pa maliro a bambo anga

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa chogona pa simenti m'nyumba ya siwa. Amayi a Mvano anali ataimba mpaka mawu kusasa. Panja, kuno kwathu ku Chinsapo, amuna anali atazungulira moto atafunda majekete, chifukwa mwera wa mu Juni sunatichitire chisoni.

Bambo anga anali mlenje kwathu ku Mchinji asanabwere m'tauni kudzagwira ulonda. Mfuti yawo ya gogodela, ija yothira wonga kukamwa, anabwera nayo ndipo chiphaso ankadula chaka ndi chaka. Achibale ochokera kumudzi anati mlenje saikidwa mwakachetechete, mfuti yake iyenera kulira. Amfumu analola. Woomba anasankhidwa mwana wanga woyamba, Yamikani, wa kabaza, amene mkazi wake ali ndi pakati. Apa ndi pamene mtima wanga unayambira kuthawa.

Wonga wa bambo unali utatha kalekale. Msuweni wina anabweretsa wake m'kachitini ka mkaka, woti palibe ankaudziwa mphamvu yake. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ndinakula ndikuona bambo akapeza wonga wachilendo. Sankaukhulupirira. Ankamangirira mfuti kumtengo, kuthira pang'ono kwambiri, kukoka ndi chingwe ali patali, kenako kuiyang'anitsitsa ngati yachita mng'alu. Akakhutira m'pamene ankawonjezera, pang'ononso.

Kutacha, tinasonkha moto kuseri kwa nyumba. Ndikuwaza kabichi ndinamva anyamata a kabaza akumuuza Yamikani kuti, “Aise, udzaze! Imveke mpaka ku Area 47, mabwana adziwe kuti kwagwa munthu.” Mpeni unandigwa m'manja.

Anthu anabwera ambiri, ena pa minibasi kuchokera ku Area 36, ena wapansi. Ndinkawalandira, ndinkalira nawo, koma Mulungu andikhululukire, maso anga anali pa kachitini kaja m'thumba la jekete la mwana wanga. Akayandikira moto, ine ndinkasiya zonse n'kumamuyang'ana.

Bokosi litakwezedwa pa lole, ndinamukokera Yamikani pambali. Ndinati, “Bambo a m'nyumba mwanga, lero ndikuika bambo. Musandiikitsenso mwana.” Ndinamuuza za mtengo ndi chingwe. Iye anangoti, “Amayi, anthu andiseka.” Sanalonjeze kanthu.

Ulendo wa kumanda, cha ku Njewa, sindikuukumbukira bwino. Fumbi, nyimbo, mayi wina wokomoka amene anamupepesa ndi chitenje. Abusa analalikira, adzukulu anakwirira, tinaika nkhata. Abusa atachoka, amuna anapita kumunda wa m'mbali mwa manda. Ine ndinagwada pomwepo, Salimo lililonse litandithawa, ndikungoti Ambuye, Ambuye.

Nditakweza mutu ndinaona Yamikani akumasula malamba a mphira a pa njinga yake. Anamangirira mfuti ku mtengo wa mango, nabwerera m'mbuyo ndi chingwe. Inalira kuti phu, ngati chubu chaphulika. Anthu anaseka, pamanda penipeni! Wina anakuwa kuti, “Agogo ako atsokomola!” Mwana wanga nkhope inagwa, koma anapita kukaiyang'ana, nathira kachiwiri moonjezera pang'ono. Apo inalira bwino, mbalame zinabalalika, amayi akumudzi analuluta. Anzake anati kachitatu adzaze ndipo aigwire m'manja ngati mwamuna. Yamikani anaiyang'anitsitsa mfutiyo. Kenako anaitana amalume ake, nawaonetsa pamene thabwa linayamba kung'aluka pafupi ndi chitsulo. Palibe anasekanso.

Madzulo anthu anabalalika, mabenchi a ku tchalitchi anabwezedwa. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mpando wa bambo wopanda munthu. Yamikani anakhala pakhonde, mkazi wake atamutsamira. Ndinawabweretsera tiyi, mwana wanga analandira ndi manja awiri. Ndinalowa kuchipinda, ndinathokoza Mulungu, ndipo m'pamene ndinayamba kuwalira bambo anga bwinobwino.